Matayala awiri amene ndinalemba ku Rumphi

Ntchito yanga yoyamba sindinaifunefune. Inandipeza ndili gone pa mkeka kwathu ku Kasungu, ndikuwerenga nyuzipepala ya chaka chatha. Sukulu ndinali nditalekeza fomu 2, ndipo ine ndi khasu tinkangolemekezana patali. Achemwali anga amene anakwatiwa ku Rumphi anatumiza uthenga woti alamu akufuna munthu pa malo awo okonzera matayala. Amayi sanadikire kuti ndiyankhe. Chikwama anandilongedzera tsiku lomwelo.

Malowo anali shedi ya malata ochepa m'mphepete mwa msewu pa boma. Tinali ndi jeke imodzi yodontha oyilo, sipanala ya mtanda yomasulira manati, zitsulo ziwiri zokanulira tayala pa limu, hamala, pampu ya phazi, kompuresa yodikira magetsi akafuna, ndi bafa lodula ku mgolo momwe tinkamizamo tayala kuti tione potulukira thovu. Alamu anga a Msowoya anali munthu wa ntchito, osamwa, osasuta, ndipo tayala ankalivula pa limu ngati akusenda nthochi. Ine ankanditcha Pulofesa, chifukwa mapepala okulungira zigamba ndinkayamba ndawawerenga ndisanatulutse chigambacho.

Kuwerengako ndi kumene kunandisowetsa mtendere. M'buti ya galimoto ina yakufa ndinatolamo kabuku kopanda chikuto, ka Chingelezi, ndipo ndinalimbana nako miyezi iwiri. Ndinaphunziramo kuti m'kati mwa mizere ya tayala muli timizere tina topingasa totukuka pang'ono, ndipo mphira wapamwamba ukatha n'kufanana nato, tayalalo latha, ngakhale mwini wake alikonde chotani. Ndinadziwa kuti manambala anayi a m'mbali amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, komanso kuti mphira umakalamba ngakhale usakuyenda, n'kuchita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Likadyeka pakati pokha, mpweya umachuluka. Likadyeka m'mbali zonse ziwiri, umachepa. Likadyeka mbali imodzi, miyendo ya galimoto yapotoka. Chotupa cha m'mbali ndiye kuti ulusi wa m'kati waduka, ndipo chigamba sichingathandize. Zonsezi ndinawafotokozera alamu monyadira. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Pulofesa, wolemba bukulo sanayendepo msewu wa ku Bolero."

Zinali zaka zija mafuta ankasowa, tayala latsopano kulipeza mpaka ku Mzuzu, mtengo wake wothawitsa munthu. Ndiye kuseri kwa shedi tinali ndi ntchito ina imene tinkaitcha kulemba. Tinkakoleza mbaula, n'kuwotcha kampeni kopinda kosula ku sowo mpaka kufiira, kenako n'kumadula mizere yatsopano pa tayala ladazi potsatira pamene panadutsa yakale. Tikatsuka n'kupaka polishi yakuda, tinkaliika kutsogolo pamodzi ndi a kaunjika ochokera ku Tanzania. Matayala ena a malole amapangidwa ndi mphira wokhuthala woti ukhoza kudulidwanso. La galimoto yaing'ono lilibe mphira wotero. Ukadula, pansi pake ndi waya basi.

Tsoka lake, dzanja langa linali labwino. Aphunzitsi anga sanayamikirepo zolemba zanga, koma alamu ankanyamula tayala langa n'kumaliyang'ana ngati satifiketi. Ndinkadziwa chimene ndikuchita, ndipo ndinkachichita mwaluso. Kuchoka sindikanatha. Ndinkagona m'nyumba mwawo, kudya m'mbale imodzi ndi iwo. Tsiku lina ndinawadandaulira achemwali akuchapa, iwo osadzutsa mutu anati, "Iwe ukakangana nawo ukwera basi. Wotsala pano ndine." Ndinabwerera ku mbaula.

Tsiku limene sindiliiwala linali Lachisanu la mu Januwale, mvula ikuwaza kuyambira m'mawa. Panaima kagalimoto koyera, woyendetsa wake mayi Nyagondwe, mphunzitsi wa ku Chitimba. Anabwera kudzatenga bambo awo amene anali atangotulutsidwa m'chipatala, mkulu wa mpingo wowonda, wa jekete ndi chipewa. Mayiwo anati chiwongolero chikunjenjemera. Ndinaona msanga kuti tayala lakutsogolo kumanzere lili ndi chotupa ngati dzira, lakumanja ladyeka mbali yam'kati mpaka kusalala.

Alamu anali ndi lamulo lawo: osakamba za matayala galimoto ili pa miyendo yake, kuopa kuti mwini wake angathawe nayo. Tinaikweza pa jeke, kuikhazika pa zipika, kumasula mawilo onse awiri n'kuvula matayala pa malimu. Chotupa chija alamu anachibaya ndi sikuludiraiva kuti mayiwo aone kuopsa kwake, ndipo sanali kunama, koma tayalalo silikanabwereranso. Madalawo tinawakhazika pa benchi m'shedi. Apo ndi pamene alamu anagubuduza matayala awiri akuda bii n'kunena kuti ndi a kaunjika, angofika kumene.

Ndinawazindikira monga munthu amazindikirira kalata yake. Ndinawalemba ndine Lolemba. Pa limodzi mpeni unalowa kwambiri mpaka ndinaona waya kung'anima, ndipo ndinatsekapo ndi polishi. Ndinaganiza za mtsetse wa Chiweta wotsikira kwawo ku Chitimba, makhona ake, phula lonyowa, malole a malasha akubwera kutsogolo, mayiwo akuponda mabuleki madala ali pambali pawo.

Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinaimirira n'kulankhula ngati mwamuna. Sizinatero. Alamu atatembenuka kucheza ndi madala m'Chitumbuka, ndinatola msomali n'kuboola tayala la waya lija mobisa. Nditaliveka pa limu n'kulipopa, ndinalimiza m'bafa, thovu n'kuyamba kutuluka. Ndinawaitana alamu ndi nkhope yachisoni, ndikuganiza kuti ndapulumutsa anthu popanda kutsegula pakamwa. Iwo anasuzumira n'kunena kuti ndi kabowo kakang'ono, ndiikepo chigamba. Nzeru zonse za Pulofesa zinangowonjezera bowo pa tayala loipa kale.

Chigamba chimenecho ndinachiika pafupifupi ola lathunthu. Ndinapala, kupalanso, kupaka guluu, kudikira kuti aume, kuuzira ngati phala la mwana. Alamu anandifunsa kawiri ngati ndikuchiwerenga kaye. Mvula inakula. Madala anayamba kutsokomola, ndipo mayiwo anawafunditsa chitenje pamwamba pa jekete. Kenako anabwera kudzanjuta pafupi ndi ine, ambulera ili m'manja. Anandiyang'ana mmene aphunzitsi amayang'anira mwana amene akudziwa yemwe waswa zenera.

"Achimwene, ine za matayala sindidziwa," anatero motsitsa mawu. "Akanakhala adada anu ali apowa, mukanatsika nawo Chiweta pa matayala amenewa?"

Alamu anali kumbuyo kwanga, sipanala ili m'manja, ndipo ndinkamva kupuma kwawo. Ndinaganiza za achemwali, za mphasa yanga pabalaza pawo, za Kasungu kumene kunalibe wondiyembekezera.

"Ayi, mayi."

Ndinangokanda polishi ndi chikhadabo n'kuwaonetsa waya.

Panalibe kukalipa, ndipo mwina kukanakhala kukalipa zikanapepuka. Mayiwo anandithokoza kuti yewo, n'kuimirira. Anapempha kuti tiwabwezerepo tayala lawo losalala lija, kwinako tiikeko sipeya, kuti akaisiye galimoto kwa mnzawo pafupi pomwepo mpaka atapeza matayala ku Mzuzu. Madala podzuka pa benchi anawafunsa alamu mwaulemu ngati ali mwana wa a Msowoya a ku Nkhamanga amene ankaimba nawo kwaya kalekale. Alamu anavomera akuyang'ana pansi. Madalawo anangogwedeza mutu n'kuvala bwino chipewa. Mayiwo atakasiya galimoto ija, ndinawanyamulira chikwama mpaka pa siteji, n'kuwakweza minibasi imene sindinayerekeze n'komwe kuyang'ana matayala ake.

Alamu sanandichotse ntchito. Anangondilanda kampeni kaja n'kusiya kundilankhula. Pa chakudya ankauza achemwali kuti auze mlongo wawo asendeze mchere, ine ndili pomwepo, mawondo athu akugundana. Dzina la Pulofesa linatha, ndipo ndinadabwa kuti ndinalisowa. Achemwali ankadzuka maso ali otupa, osandiuza chifukwa, nanenso osafunsa. Ndinakhalabe pamenepo mpaka mvula ya chaka chotsatira, ndikupopa ndi phazi, kumata zigamba, utsi wa mphira ukundipeza kuchokera kuseri kumene alamu ankalemba okha.

Matayala awiri aja anabwerera pa mulu. Sabata yotsatira alamu anandituma kukatunga madzi a m'bafa ku mjigo, ndipo pobwera ndinapeza palibe. Sindidziwa anagula ndani, sindidziwa analowera msewu uti. Pali enanso ambiri amene ndinalemba mayi Nyagondwe asanabwere, eni ake osandifunsa funso lililonse, ine n'kumangitsa manati n'kuwafunira ulendo wabwino. Ndinanena zoona kamodzi, ndipo ndinachita kufunsidwa, munthu atanjuta pamvula.

Lero ndili ndi shedi yangayanga kwathu, yodontha ngati ya alamu. Galimoto ikaima, ndimagwada ndi mwini wake pa tayala lililonse, ndimamugwiritsa chala m'mizere, timawerenga limodzi chaka chake, ndipo ndimamuuza ngati latha asanandifunse. Ena amakwiya, amati ndikufuna kuwagulitsa latsopano, n'kuliza galimoto kupita kwa anzanga kutsidya kwa msewu. Ndimawasiya apite. Jeke imakhala m'kati mpaka munthuyo atamva zonse, galimoto yake idakali ndi miyendo inayi yoti achoke nayo pakhomo panga akafuna.