Chala Pamphumi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pachitseko cha golosale. Ndinali nditabwerera kwathu ku Chiosya pa tchuthi chachitali, nditatsiriza chaka choyamba cha maphunziro auphunzitsi, pamene mayi aakulu anandituma kukagula mchere. Mwini golosaleyo, a Idrisa, anandilozera pepala limene linamatidwa pachitseko chawo.

"Iwe wa ku koleji, tawerenga apo. Akufuna wodziwa kudina makina. Kapena sukulu yonseyi ndi yosendera mtedza?"

Kampani ina yogula mbewu inkatsegula msika wa mtedza m'dera lathu ndipo inkafuna kalaliki. Ndinapalasa njinga kupita ku boma, ndinayesedwa, ndipo ananditenga. Mayi aakulu, a Nankhoma, amene ndi mkulu wawo wa malemu mayi anga ndipo anandilera pamodzi ndi amuna awo a Soko, anakondwera kwambiri. Panthawiyo sankadziwa mmene kampaniyo imalipirira alimi.

Msikawo unali mushedi yakale yosungiramo fodya. Woyang'anira anali a Tembo, munthu wa ku Lilongwe, wachangu pantchito ndi wopepuka pakamwa. Mlimi akafika ndi thumba, tinkayamba talibaya ndi chitsulo chosongoka cha mphako kuti titape mtedza wa pakati ndi wa pansi. Mtedzawo tinkauthira m'kachipangizo koyezera chinyezi, chifukwa alimi ena amanyowetsa makoko kuti asavutike posenda, ndipo mtedza wotere umachita chuku. Ukapezeka wouma bwino, thumba linkakwera pasikelo. Kenaka mlimi ankabwera patebulo langa, pamene panali tabuleti, batire yotchajidwa ndi dzuwa, ndi kamakina kowerenga zidindo za zala, kokhala ndi kagalasi pamwamba. Ndinkajambula chitupa cha unzika, kulemba nambala ya foni, ndi kuuza mlimi kuti aike chala pakagalasipo. Nyali ikayaka yofiira, ndiye kuti chala chakanidwa. Ikayaka yobiriwira, kamakinako kankalira ndipo malipiro ankalowa m'foni ya mlimi, kuti akatape kwa ejenti. Ndalama yogwirika m'manja sinkapezeka pamsikapo. Kampani inkati njirayi ndi yotiteteza kwa achifwamba a m'malire.

Vuto lathu lalikulu linali zala. M'miyezi yachisanu khungu limauma, ndipo munthu amene wakhala akusenda mtedza ndi manja kwa nthawi yaitali amakhala ndi chala chosalala ngati mwala wa mumtsinje. Kamakina sikapezapo mizere. "Zala za kuno ndi matayala akutha," ankatero a Tembo. Iwo anali ndi njira imene anaiphunzira m'misika ina: mlimi azitikita chala pamphumi pake, chifukwa mafuta a pankhope amaonetsa mizere yofufutika. Njirayo imathandizadi. Koma nditangoiona koyamba, ndinakumbukira ulaliki wa kumpingo kwathu.

Kwathu kuli mpingo waung'ono umene ndinakuliramo, ndipo mayi aakulu ndi a Soko anali m'gulu la mizati yake. Mkulu wa mpingowo, a Njovu, anali atalalikira kale kuti ulosi wa masiku otsiriza ukukwaniritsidwa ife tikuona. Ankati nthawi yafika yoti munthu asaloledwe kugula kapena kugulitsa ngati alibe chizindikiro cha chilombo padzanja lake lamanja kapena pamphumi. Ndalama yosaoneka, nambala m'malo mwa dzina, makina ofuna dzanja la munthu: kwa iwo umboni unali wokwanira. Analengeza kuti mkhristu aliyense wogulitsa mtedza kwa ife adzadulidwa mumpingo.

Ndinawafotokozera a Tembo zimenezi, ndipo ndinawapempha kuti zotikita pamphumi tizisiye. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye chilombocho ndine? Tandiona bwino, Limbani, nyanga zamera?" Komabe anandilola kuchita mwanjira yanga. Ndinkasunga kansalu konyowa m'mbale ndi kabotolo ka gilisalini, ndipo alimi okayikira ndinkawauza kuti apereke chala cha kumanzere. Ambiri ankamasuka nazo. Pobwerera kunyumba, anyamata a mpingo wathu ankandikuwiza kuti, "Mlembi wa chilombo uyo! Lero wadinda angati?"

Ine sindinkakhulupirira kuti kamakinako ndi chizindikiro. Mmene ndimamvera Malemba, chizindikirocho chikukhudza amene munthu wasankha kumulambira, ndipo kagalasi kowerenga chala sikafunsa munthu za Mulungu wake. Ndinayesa kuwafotokozera mayi aakulu zimenezi tikusenda mtedza pakhonde. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Wayankhula bwino, mwanangu," anatero. "Koma tandiyankhe. Wokana kupereka chala, mumamugula mtedza wake?"

Ndinati ayi.

"Basitu. Ndi zomwezo akunena a Njovu."



M'mwezi wa Julaye a Soko anadwala. Miyendo inatupa, kupuma kunkavuta, ndipo a kuchipatala chathu chaching'ono anati tipite nawo kuchipatala chachikulu mosachedwa. Pankafunika galimoto, mankhwala ogula ndi chakudya cha owadikirira. Mtedza unalimo m'nyumba, koma mavenda olipira pamanja, amene amaukweza panjinga kupita nawo ku Zambia, anali atamva za matendawo ndipo anatchula mtengo wachipongwe. Mpingo unasonkha zimene unakwanitsa, koma sizinafike patali. Mayi aakulu anakhala akupemphera. Kenaka m'mawa wina anandiimitsa ndikutulutsa njinga.

"Unati chala cha kumanzere chimaloledwa?"

"Chimaloledwa, amayi."

"Ndipo pankhope panga sipakhudzidwa?"

"Wokuthandizani ndikhala ine mwini."

Anakonza zofika m'mamawa anthu asanachuluke, koma ngolo yonyamula matumba inachedwa, ndipo anapeza mzere utafika kale kumsewu. Tsikulo zonse zinali zokhota. Netiweki inkabwera ndi kuthawa, lole yochokera ku Lilongwe inkadikira katundu, dalaivala wake akuliza hutala, ndipo a Tembo ankangolandira foni za mabwana awo motsatizana. Kunja kwa shedi, mayi Njovu, akazi a mkulu wa mpingo uja, ankagulitsa mbatata yophika monga mwa masiku onse, pamalo poti ankaona aliyense wolowa.

Mtedza wa mayi aakulu unali wouma bwino ndipo unadutsa poyeza chinyezi ndi pasikelo mosavuta. Anafika patebulo langa atakokera duku mpaka pansidze. Ndinajambula chitupa chawo ndi kulemba nambala ya kafoni kawo. Ndinapukuta chala chawo chachikulu cha kumanzere ndi kansalu konyowa, n'kuchiika pakagalasi. Nyali inayaka yofiira. Ndinapaka gilisalini. Yofiira. Ndinayesa chamkombaphala, chapakati, mpaka chaching'ono. Zonse zinali zosalala ndi zong'ambika, pakuti mtedza wambiri anausenda okha amuna awo ali chigonere. 

"Kalaliki, ukufunsira mbeta kapena ukugwira ntchito?" wina anafuula pamzere, anthu n'kuseka.

"Tisiye, mwanangu," mayi aakulu ananong'ona. "Mwina ndi Mulungu akukana."

"Pepani amayi, tiyesenso kamodzi."

Ndikutembenuka kuti ndinyowetsenso kansalu, a Tembo anafika, foni ili pakhutu. Sankadziwa kuti awa ndi mayi anga. Kwa iwo anali mlimi wochedwetsa mzere. "Amayi, musaope, sikaluma aka," anatero mwansangala. Anagwira dzanja lawo lamanja, anakankhira duku m'mwamba, anatikita chala chachikulu pamphumi pawo, n'kuchidinda pakagalasi. Zonsezi zinachitika ndisanatsegule pakamwa. Nyali yobiriwira inayaka, kamakina kanalira, ndipo foni inalira m'chitenje cha mayi aakulu.

"Mwaona? Zatheka. Wotsatira!"

 Mayi aakulu anayang'ana chala chawo, kenaka anayang'ana pakhomo la shedi. Mayi Njovu anali ataima pamenepo, atagwira pakamwa.

A Soko tinapita nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Lamulungu lotsatira dzina la mayi aakulu linatchulidwa m'kachisi iwo kulibe, kuti adulidwa mumpingo. Mayi aakulu atabwera kuchokera kuchipatala kudzatenga ufa, amayi awiri a mumpingo anafika kudzalanda duku loyera ndi bulauzi yoyera imene ankavala potsogolera nyimbo. Mayi aakulu anazipinda bwino, n'kupereka ndi manja awiri.

Ndinapita kwa a Njovu kukadandaula. Ndinawauza kuti mayi aakulu sanasankhe, kuti dzanja lawo linachita kugwidwa. A Njovu sanandikalipire. Maso awo anali ofiira, pakuti a Soko anali mnzawo wa paubwana.

"Akanangogulitsa, tikanati ndi kufooka kwa thupi, tikanawapatsa nthawi yolapa," anatero. "Koma dzanja lamanja ndi mphumi, anthu akuona? Mwana wanga, chimenecho sichifufutika. Sindine amene ndinalemba."

A Tembo nditawauza zimene zinawachitikira mayi aakulu, nthabwala zinawathera. "Ine ndimati ndikuwathandiza," anatero chapansipansi. Anapempha kuti akapepese kwa a Njovu, koma sanaloledwe ngakhale kuponda pabwalo. Kuyambira tsikulo sanagwirenso dzanja la mlimi aliyense.

A Soko anamwalira mvula isanayambe. A Idrisa ndi amene anatibwereka galimoto yokatengera thupi. Mpingo unatumiza mawu akuti sungayendetse mwambo wa maliro, chifukwa malemuwo anathandizidwa kuchipatala ndi ndalama za chilombo. Adzukulu anakumba manda, ndipo anthu anabwera ambiri, a mipingo ina ndi Asilamu omwe. Koma kwathu nyimbo ya maliro amayambitsa ndi a mpingo wa malemu, ena n'kumavomera. Aliyense ankadikira mnzake. Tinayenda kuchokera kunyumba mpaka kumanda kukumveka mapazi okha ndi kulira kwa amayi. Mayi aakulu, amene kwa zaka zambiri ankayambitsa nyimbo pamaliro a anthu ena, anaperekeza amuna awo popanda nyimbo.

Popeza mpingo unali utatisiya, achibale anatsata mwambo wa kumudzi wometa ofedwa. Pamenepo ndi pamene duku la mayi aakulu linavulidwa koyamba pamaso panga chichokere mushedi muja. Pamphumi pawo panali bala lalikulu, lofiira pakati, louma m'mphepete. Kuyambira tsiku la msika lija, nthawi iliyonse posamba, ankakhula pamalopo ndi mwala wokhulira mapazi.

"Amayi, n'chiyani ichi?"

"Ndimati mwina chichoka," anayankha.

Ndinatsiriza nyengo yogula mtedza, n'kubwerera ku koleji. Kumeneko nkhani ya ndalama za pafoni ndi ulosi imabuka kawirikawiri. Ena amatumizirana makanema oopseza, ena amaseka anthu a kumudzi kuti ndi osaphunzira. Akandifunsa maganizo anga, ndimanena zimene ndinawauza mayi aakulu pakhonde paja, kuti makinawa si chizindikiro cha chilombo, ndipo sindinasinthe. Koma sindiseka nawo. Funso la mayi aakulu lija, lokhudza munthu wokana kupereka chala, sindinalipezere yankho mpaka lero. Pamsika wathu panalibe khomo lina lolowera munthu woteroyo, ndipo amene anakonza njirayo sanafunsepo alimi.

Phunziro limene ndinatenga pantchitoyo ndi laling'ono, koma ndimalisunga. Musanagwire dzanja la munthu, ngakhale mukumuthandiza, yambani mwamufunsa, ndipo mumudikire ayankhe, lole ilire hutala mpaka itope. A Tembo sanali munthu woipa. Anangofulumira pa dzanja limene sankalidziwa.

Mayi aakulu sanalowe mpingo wina. Lamulungu amakhala pakhonde, pamene nyimbo za m'kachisi wawo wakale zimamveka mphepo ikaomba kuchokera kumeneko, ndipo milomo yawo imatsatira mawu popanda kutulutsa liwu. Ndikafuna kuwatumizira kanthu, ndimadikira munthu wopita kumudzi, chifukwa kafoni kaja anakaponya m'chimbudzi. Kamakina ka mushedi sikanasiye chilichonse pamphumi pawo. Chipsera chimene chilipo ndi cha mwala uja, ndipo ndikafika kunyumba, amayamba akokera duku mpaka pansidze asananditambasulire dzanja lamanzere.