Gawo Lachisanu Linapita ndi Utsi

Gawo lachisanu la sewero limene a Sakala analembera wailesi ya kanema analisuta ang'ono awo a Lufeyo, tsamba ndi tsamba, dzinja limodzi. Seweroli linali ndi magawo asanu ndi limodzi, ndipo palibe gawo limene linajambulidwa.

A Sakala ndi akazi awo a Nambewe tinkayandikana nawo nyumba pa boda ya Mchinji, kuseri kwa msewu umene malole amandandapo podikira kulowa m'Zambia. Pakati pathu panali mpanda wa udzu basi. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la dizilo losakanikirana ndi la riboni ya tayipi, ndiponso kabelu kamene kankalira mzere ukafika kumapeto, madzulo onse dzuwa lisanalowe, amayi akupeta chimanga ine ndikukwecha mapoto kuseri kwa khitchini. A Sakala ankalembera madalaivala mapepala a kasitomu. A Nambewe anali otayipa makalata mu ofesi ina pomwepo, ndipo tayipi yakale imene ofesiyo inasiya kugwiritsa ntchito inkakhala pakhonde pawo.

Wailesi ya kanema itangoyamba kumene m'dziko muno, a Sakala analemba nkhani ya alimi a ku Dambe amene, mvula itakana zaka zotsatizana, anakwera chombo kupita ku dziko lina kuseri kwa nyenyezi atanyamula mbewu ya mtedza. Iwo ankalemba ndi bolopeni, akazi awo n'kutayipa, zolemba pamanjazo n'kuyatsira mbaula. Anatumiza ku Blantyre. Yankho linali la mizere itatu: nkhani ndi yabwino, koma chombo tikachitenga kuti? Mapepala anawabweza.

A Sakala anamwalira ine ndili Sitandade 6. Atawasudzula a Nambewe, abale a mwamuna anatengera kwawo ku Dambe bedi, njinga ndi katoni ya mapepala. Tayipi anaisiya chifukwa panalibe woidziwa.

Patapita chaka a Nambewe anauza amayi pampanda kuti sewero lija alisandutsa buku.

"Kanema amafuna chombo chenicheni," anatero. "Buku limangofuna kuti ulembe kuti chombo, basi chauluka."

Anapita ku Dambe kukatenga katoni ija, nabwera ndi magawo asanu. Lachisanu anali atalitayipa pa mapepala opyapyala a makope, chifukwa olimba anali atatha, ndipo mapepala otere ndi amene amapichirika bwino ndi fodya wa chingambwe. Gawo lachinayi limatha chombo chitagwidwa pa chipata cha dziko lachilendolo, akuluakulu a kumeneko, anthu a maso atatu, akukana mbewu yopanda chilolezo. Lachisanu ndi chimodzi limayamba mtedza utamera kale. Mmene alimiwo anadutsira pachipata, palibe ankadziwa.

"Koma si munatayipa ndinu?" anafunsa amayi. "Ingokumbukirani."

"Amake Tadala, wotayipa wophunzira sawerenga. Maso amatola zilembo, zala n'kuponya. Anatiphunzitsa choncho kuti tisamadziwe za mabwana. Makalata ochotsa anthu ntchito ndatayipa ambiri, koma mutandifunsa dzina limodzi sindingakuuzeni."

Munthu yekha wamoyo amene anawerenga gawolo anali a Lufeyo. Kumudzi kunalibe chowerenga china, ndiye tsamba lililonse ankayamba aliwerenga kaye asanaling'ambe. A Nambewe anali asanawalankhule chichitikireni nkhani ya bedi. Anawatumizira uthenga.

A Lufeyo ankabwera Loweruka lililonse pa njinga ya malemu, n'kukhala pa mpando wa ndalema, miyendo ili tambalale. A Nambewe ankakhala kuseri kwa tayipi osawayang'ana. Ine ndinkamva zonse ndili kwathu, chifukwa a Lufeyo analibe mawu apansi.

"Mlamu, tiyi wa leroyu shuga anangomudutsa."

"Shuga ali pa tsamba lotsatira. Lankhulani."

Ankafotokoza pang'ono, n'kunena kuti mutu wayamba kuwawa. Gawo limene pa kanema likanatha tiyi asanazizire linatenga miyezi iwiri. Amayi ankati a Lufeyo akukoka nkhani chifukwa cha masikono. A Nambewe ankadziwanso zimenezo, koma sanasiye kugula masikono. Ntchito yawo inali yaikulu kuposa kumvetsera, pakuti sewero limangonena kuti kamera ionetse chipata, pamene buku limafuna chipatacho chioneke m'mawu. Anachilemba ngati cha pa boda pathu, ndi mzere wa zombo zodikira, oyendetsa akuphika pansi pa zombo zawo, osintha ndalama akuzungulira.

Loweruka lomaliza a Lufeyo anafika pa mfundo. Anati mtsogoleri wa alimiwo anakazinga mtedza theka la thumba, n'kupatsa mkulu wa maso atatu uja kuseri kwa ofesi. Mkuluyo analawa, anatseka maso awiri, n'kudinda chikalata.

Tayipi inaima.

"Bodza limenelo," anatero a Nambewe. "Bambo a kuno sanaperekepo chiphuphu moyo wawo wonse. Madalaivala ankawathawa chifukwa cha zomwezo. Sangalembe kuti anthu abwino anadutsa chotero."

"Achimwene analemba zimene ankaona pawindo, mlamu. Malole a anzawo ankadutsa, awo akugona masiku anayi. Mukuganiza kuti sankadziwa chifukwa chake?"

"Mwapeka inu. Mwaiwala, ndiye mwaikapo khalidwe lanu."

"Ine kupeka diso lachitatu? Ndikanakhala ndi nzeru zimenezo bwenzi ndikulima fodya?"

Kenaka kabelu kanayambanso kulira. A Nambewe anatayipa zonse monga a Lufeyo ananenera, ndipo ulendo uno anawerenga liwu lililonse. Atamaliza anasolola pepala, analiika m'katoni, namanga katoniyo ndi chingwe cha mphira. A Lufeyo anamwa tiyi wawo n'kupita. Sanaitanidwenso.

Katoniyo inakhala yomanga zaka zoposa makumi awiri. Mitu ina isanu inali yokonzeka, koma a Nambewe sankafuna kutulutsa buku lokhala ndi dzenje pakati, komanso sankafuna kuika dzina la amuna awo pamwamba pa mutu umene ankaukayikira. A Lufeyo anamwalira osasintha mawu awo.

Ine tsopano ndimalemba nkhani m'nyuzipepala ku Lilongwe, ndipo ntchitoyi inandiphunzitsa kufunsa anthu awiri ndisanakhulupirire mmodzi. Chaka chatha ndinapeza madoda awiri amene ankagwira ntchito ndi a Sakala. Woyamba anati a Sakala sankapereka kanthu, ndipo nkhani yotere sakanailemba. Wachiwiri anaseka, nati munthu wosapereka ndi amene amadziwa bwino mtengo wake. Ku Blantyre mapepala a nthawi imeneyo kulibe. Ndinawauza a Nambewe zonse ziwiri mmene ndinazimvera, osawonjezera.

Anandipatsa katoni ija. Ndalemba mitu yonse pa kompyuta, ndipo wosindikiza wina wamng'ono wavomera kulitulutsa bukulo. Maso a a Nambewe anachita khungu, ndiye anena kuti mutu wachisanu aumve ndi makutu, kamodzi kokha, asananene chilichonse.

Loweruka ndikwera minibasi ya ku boda kukawawerengera. Akavomera, Lolemba bukulo lilowa m'makina ndi mitu isanu ndi umodzi. Akakana, lituluka ndi isanu, ndipo owerenga adzapeza alimi a ku Dambe akupalira mtedza kuseri kwa nyenyezi popanda wowauza amene anawatsegulira chipata.