Buku Lomwe Tinalidula ndi Lezala

Anagogoda Loweruka m'mawa, m'mwezi wa Okutobala, ndikuchapa malaya kuseri kwa nyumba yanga ku Kabwata. Anagogoda mwaulemu ndithu, moti ndinayesa ndi a kumpingo abwera kudzandikumbutsa za kwaya. Pakhomo panali amuna awiri ovala bwino, wina wamtali wa tayi, wina wamfupi wonyamula nyuzipepala. Galimoto yawo inalibe chizindikiro chilichonse.

"Ba ticha," anatero wa tayi uja, "tiyeni tikambeko pang'ono chabe. Muzabwela manje manje."

Ndinapempha kuti ndiyanike kaye malaya, iye anati ndidzayanika ndikabwerako. Wamfupi analowa m'chipinda, anatembenuza matiresi, anakhuthula katoni ya makope a ana a sukulu, kenaka anatuluka ndi mapepala omwe anali pansi pa pilo. Zinali m'zaka za chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wacheuka asanadandaule za mtengo wa ufa. Anzanga oyandikana nawo nyumba anaima m'makomo mwawo, ndipo aliyense anapeza choti aziyang'ana pansi.

Mapepalawo ndiyenera kuwafotokoza, chifukwa ana a masiku ano owerengera pa foni sangamvetse.

Bambo atamwalira ndinaleredwa ndi akulu anga. Iwo anagwirako ntchito kumigodi ali anyamata, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri, chifuwa chosatha ndi njala ya mabuku. Anakhazikika ku Chilenje ndi akazi awo. Azungu akamachoka m'dziko muno ankagulitsa katundu pageti ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Anthu anzeru ankathamangira mafiriji ndi mipando. Akulu anga ankabwerako ndi katoni ya mabuku panjinga, akutsokomola njira yonse, alamu anga akupukusa mutu pakhonde. Nkhani zachikondi ndi za apolisi sankazifuna. Ankafuna nkhani zopeka za anthu akalekale, za Aigupto ndi manda awo, za Babulo ndi malinga ake, za Roma ndi akapolo ake. Ankati anthu amenewa tinakumana nawo kale m'Baibulo, koma Baibulo silinatiuze zomwe ankadya m'mawa.

Mabuku otere amakhala onenepa, ndipo ofuna kuwerenga tinalipo angapo: namwino wina, mkulu wa mpingo, kondakitala wa basi, ndi ine. Kudikira kuti munthu amalize buku lonse kukanatikalambitsa. Choncho akulu anga ankatenga lezala, n'kudula bukulo pamsana zigawozigawo, n'kusoka chigawo chilichonse ndi ulusi wakuda. Iwo ndiwo ankayamba. Akamaliza chigawo ankapatsa wotsatira, wotsatirayo n'kupatsa mnzake, ndipo buku limodzi linkayenda ngati sitima, mutu uli ku Chilenje, mchira uli ku Kabwata. Kumchirako kunali ine, poti ndinali wamng'ono komanso wochedwa kuwerenga. Tinkasinthana Lamulungu potuluka m'tchalitchi, chigawo chitakulungidwa m'pepala kuti chisade. Munthu wina anaona timaphukusi tikudutsa m'manja sabata ndi sabata, ndipo anakanena kumene ankanena zinthu zotere. Ndikuganiza kuti mwa tonsefe anadziwa nkhope yanga yokha, chifukwa mphunzitsi amadziwika ndi makolo ambiri.

Buku lomwe tinkawerenga chaka chimenecho ndi limene ndimalikonda kuposa onse, ngakhale sindinalimalize. Linali la munthu wopalasa bwato pa mtsinje wa Nailo, yemwe anagwidwa n'kukagulitsidwa ku Roma, mkazi wake atatsala kumudzi ali ndi pakati. Ku Romako ankanyamula machira a bwana wina wolemera, ndipo poti akapolo sawerengedwa ngati anthu, ankamva zonse. Chigawo chomwe anandipeza nacho chinalibe chikuto, chinalibe chiyambi ngakhale mapeto. Masamba ake onse anali a asilikali olondera mfumu akupangana m'nyumba ya vinyo za tsiku loti aiphe. Mwa zigawo zonse za m'bukumo, Mulungu analola kuti pansi pa pilo pakhale chimenecho.

Ananditengera ku nyumba ina m'tauni, m'chipinda chopanda zenera, koma ndinkamva mahutala a mabasi a mu Cairo Road. Wa tayi anawerenga masamba angapo mokweza, pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Ndinamufotokozera kuti anthu amenewo anafa kalekale, kuti mwinanso sanakhaleko n'komwe. Anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Tiziba kuti ni buku, sitili mbuli," anatero. "Koma muntu wabwino amabelenga buku na kava yake. Imwe mumaidula, mumaibisa mu pepala, mumapasana kumbuyo kwa chechi. Ni ndani anakupasani?"

Ndinadziwa kuti ndikatchula dzina limodzi lokha, sitima yonse ikokedwa mpaka ku Chilenje. Chipinda chomwe ankatisungamo ndinali nditachiona kale, simenti yonyowa, chidebe pakona, anthu opanikizana, mpweya wochita kulimbirana. Ine ndinali mnyamata wamphamvu. Akulu anga ankapuma movutikira ngakhale atakhala pakhonde pawo pamphepo yabwino. M'chipinda chija sakanatulukamo amoyo, ndipo ichi sindinachikayike ngakhale pang'ono. Ndiye ndinati mapepalawo ndinawapempha kwa mayi wogulitsa mtedza ku msika wa Soweto, yemwe ankakulungiramo malonda ake. Linali bodza lofooka, ndipo wa tayi anaseka. Anafunsa ngati amayi a ku Soweto ayamba kusoka mapepala awo ndi ulusi.

Wamfupi uja anapinda nyuzipepala yake, anaiika patebulo, n'kutseka chitseko. Zomwe zinachitika m'menemo sindilemba. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero, ndipo nyengo yozizira zala ziwiri za dzanja lamanja sizigwira bwino cholembera. Pondibweza m'chipinda cha anzanga wa tayi anandigwira paphewa. "Ife tili na ntawi, ba ticha," anatero. "Imwe ndimwe mulibe."

Mvula yoyamba itagwa anandisamutsira kundende. Sananditengere kukhoti, sanandiwerengere mlandu. Ndinangouzidwa kuti ndasungidwa, ngati chimanga. M'chipinda chathu munali anthu amitundumitundu, ambiri osadziwa chomwe anamangidwira. Yemwe ndinazolowerana naye anali dalaivala wa malole wochokera ku Luapula, munthu wopanda mano akutsogolo koma wapakamwa posapuma. Atamva kuti ndinamangidwa chifukwa cha buku anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenaka anati popeza bukulo landidyetsa nyemba zofumbwa, ndiwauze kuti nawonso apindule.

Ankatitsekera dzuwa likadali m'mwamba, ndipo masana amenewo anali aatali. Ndinayamba kuwakambira za wopalasa bwato. Ndinkakamba pang'onopang'ono kuti nkhani isathe msanga, n'kumaonjezera fungo la msika wa akapolo ndi kulemera kwa machira. Anthu osapita kusukulu ankatsutsana za mfumu ya Roma ngati anaphunzira nayo limodzi. Chitseko chikangotsekedwa dalaivala ankayamba ndi moni wa kwawo: "Shani ba ticha, uja wa bwato afika pati lelo?" Mlonda wina ankachedwa dala pakhomo, akunamizira kukonza loko.

Tsiku linafika lomwe ndinawafikitsa m'nyumba ya vinyo ija, ndipo ndinawauza kuti ine ndinalekera pomwepo. Anakwiya zenizeni. Dalaivala anati mphunzitsi wosadziwa mapeto a nkhani yake ayenera kubweza malipiro. Anandiumiriza kuti ndipeke. Ndinayesa, ndinapha mfumu, ndinamasula kapolo, ndinamukweza chombo mpaka anafika kwawo n'kupeza mkazi wake akutunga madzi, mwana ali kumsana. Panalibe yemwe anakhulupirira. Dalaivala anati iye wayenda misewu yambiri ndipo palibe msewu wobwerera kwanu womwe umakhala wosalala choncho. Kuyambira pamenepo ndinawakambira za Babulo ndi za Aigupto, mabuku omwe ndinawamaliza, koma za wa bwato sanazifunsenso.

Ndinkawasowa akulu anga koopsa. Sindinkasowa kwenikweni nyama kapena bedi. Ndinkasowa mawu awo akuwerenga pakhonde Lamulungu masana, magalasi ali pamphuno, akuima kaye kuti atsokomole, chala chili pomwe alekera. Ndinkasowa mmene ankandinyozera kuti ndimawerenga ngati munthu wosankha nsabwe. Ndikakhala pakona yanga ndinkaganiza kuti ku Chilenje kuli munthu yemwe akudziwa ngati wa bwato anafika kwawo, ndipo munthuyo akupuma mpweya wa panja. Ganizo limeneli ndi lomwe linkandidzutsa m'mawa. Palibe wachibale anabwera kudzandiona, chifukwa sanauzidwe komwe ndinali. Zinkandipweteka, komabe ndinkathokoza kuti sabwera.

Ankandiitanabe nthawi ndi nthawi. Tsiku lovuta kuposa onse silinali la chitseko chija. Linali Lachisanu lina m'mwezi wa Epulo, pamene wa tayi anandipatsa tiyi wa mkaka ndi banzi, n'kundiuza mofatsa kuti nayenso watopa nane. Anati nditchule munthu mmodzi yekha, akangomufunsa mafunso, ine ndikagone kwathu tsiku lomwelo. Ndinagwira kapu ija ndi manja onse awiri. Ndinaganiza za kondakitala, yemwe anali wolimba thupi, ndipo ndinadziwanso kuti kondakitala akanatchula namwino, namwino n'kutchula mkulu wa mpingo. Ndinamaliza tiyi yense ndi banzi lomwe, kenaka ndinabwereza za mayi wa mtedza.

Mvula inatha, inabweranso, inathanso. Lachiwiri lina m'mawa, m'nyengo yozizira, anandiitana ndi katundu wanga, ngakhale katundu ndinalibe. Sanandiuze chifukwa chonditulutsira, monga sanandiuze chifukwa chondisungira. Mlonda wa pageti anangoti, "Yendani, musakambe vambili." Ndinatuluka ndi malaya ong'ambika ndi mapatapata a tayala omwe dalaivala anandipatsa. Sindinapite ku Kabwata. Ndinayenda wapansi kulunjika ku Chilenje, ndikuyeserera m'mutu mmene ndikawafunsire za wa bwato ndisanawapatse n'komwe moni.

Alamu anga ndinawapeza akusesa pabwalo, atavala zakuda kuyambira duku mpaka chitenje. Tsache linagwa. Sanafunikire kundiuza kanthu.

Tinakhala pakhonde. Anati akulu anga anamwalira mvula ili pakati, pabedi pawo, a kumpingo akuimba nyimbo m'chipindamo, iwo atawagwira dzanja. Palibe yemwe anabwera kudzawamanga, ngakhale kudzawafunsa. Namwino, kondakitala ndi mkulu wa mpingo onse anali bwino. Mabuku onse alamu anawatentha m'mgolo kuseri kwa nyumba sabata yomwe ndinatengedwa, odula ndi osadula omwe. Sindinawadzudzule, chifukwa inenso ndikanachita chimodzimodzi. Kenaka anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi nsapato zakuda za akulu anga zitakulungidwa m'nsalu. Anagwada, chinthu chomwe anali asanandichitirepo.

"Ba mulamu, munikhululukile," anatero. "M'mawa mulimonse anali kuvala jekete, ati nipite nikaziwonetse, amusiye mufana wanga. Ine ninabisa nsapato zao kwa ba neba. Anapempha, anakalipa, analila. Sininapeleke. Imwe munali kuvutika kuja chifukwa cha ine."

Akulu anga anali munthu woti ngakhale pagolosale sankapita nsapato zosapolisha. Koma alamu anati tsiku lina ananyamuka choncho, jekete pamwamba, mapazi ali pansi. Anafika mpaka pamalo okwerera basi. Chifuwa chinawagwetsa pomwepo, ndipo anthu anawanyamula kubwerera nawo kunyumba. Kuchokera tsiku limenelo sanathenso kutsika pakhonde.

Ndinawadzutsa alamu anga. Ndinawauza kuti palibe choti ndiwakhululukire, kuti ine ndi iwo tinkagwira ntchito imodzi osadziwana, iwo ku Chilenje, ine kumene ndinaliko. Tinalira limodzi, ndipo aka kanali koyamba kuti ndilire chitengedwere.

Lero ndine nkhalamba yopuma ntchito ku Chelstone. Mabuku a Roma ndi Aigupto amayalidwa pansi m'mbali mwa misewu ya m'tauni, athunthu, ndi zikuto zawo, ndipo ndimagula. La wopalasa bwato lokha sindinalipezenso. Ndimawerenga pabwalo aliyense akuona, popanda wondifunsa yemwe wandipatsa. Ufulu ndimaudziwa kukoma kwake, ndipo sindilola mwana aliyense kuupeputsa pamaso panga. Koma ine ndinakhala chete kuti munthu mmodzi akhale moyo, ndipo chomwe ndinamupezera ndi imfa ya pabedi pake, pakati pa anthu ake. Masiku ena ndimaona kuti n'chachikulu. Masiku ena ndimangowasowa.

Tsiku lija alamu anandiumiriza kuti ndisiye mapatapata aja. Ndinavala nsapato za akulu anga n'kuyenda nazo mpaka ku Kabwata. Zinali zazikulu pang'ono.