Fodya wa Agogo pa Nsungwi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, chaka chimene ndalama zinasintha n'kukhala makwacha, pamene lole yonyamula njerwa inagunda agogo anga aamuna pa msewu wa ku Zomba. Anali pa njinga, atamanga dengu la kabichi kumbuyo, ulendo wa kumsika wa Namadzi. Uthenga unatipeza kwathu ku Mbulumbuzi tikutonola chimanga pabwalo. Munthu amene anadzatiuza anabwera atasenza njingayo paphewa, gudumu lakutsogolo litapindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe. Amayi anayang'ana gudumulo, sanalire. Anangomanga chitenje, natenga bulangete, n'kuuyamba wa kumsewu.

Agogo anathyoka fupa la m'ntchafu. Anakhala miyezi iwiri m'chipatala ku Blantyre, mwendo utamangiriridwa ku chitsulo cholemera. Anabwera m'nyengo yozizira ataonda, atapatsidwa ndodo ziwiri zoika m'khwapa. Adokotala anauza amayi kuti fupa lalumikizana, koma munthuyo aziima ndi kuyenda pang'ono tsiku lililonse. Akapanda kutero mwendo uuma, ndipo msana uchita zilonda.

Abambo anga anali ku Joni nthawi imeneyo. Pakhomo tinali atatu: amayi, ine, ndi wodwalayo.

Vuto linali lakuti agogo anali mkamwini. Kwawo kunali kuseri kwa Namadzi, ndipo kwathu anabwera kudzakwatira, nakhalako mpaka imvi. Agogo aakazi atamwalira anawasudzula monga mwa mwambo, koma anawauza kuti angathe kukhalabe pafupi ndi mwana wawo. Dimba la kumtsinje, limene anathyola okha pochotsa bango, linali pa dothi la kuchikazi. Dimbalo ndilo linkatidyetsa. Ndipo panali munthu amene ankaliyang'ana kwa zaka zambiri: a Matiyasi, mlongo wawo wa malemu agogo aakazi, mwinimbumba wathu.

A Matiyasi anabwera patangopita masiku atatu agogo atatuluka m'chipatala, atavula chipewa, nkhope yachisoni. Ine kuyambira tsiku limenelo munthu wobwera atavuliratu chipewa kutali ndimamuyang'ana kawiri.

"Aginesi, mwana wanga, tonse zatikhudza," anatero a Matiyasi kwa amayi. "Koma alamuwa ali ndi kwawo. Munthu akafika pamenepa amakagona pakati pa abale ake. Akatisiyira kuno, a ku Namadzi adzatifunsa kuti tinawakaniziranji."

"Amalume, kwawoko kwatsala azakhali okha, ndipo saona," anayankha amayi. "Adzawatembenuza ndani? Adzawasambitsa ndani? Kumeneko mwezi sutha. Tipatseni mpaka nandolo aume. Akapanda kudzuka, itanani anthuwo adzawatenge."

A Matiyasi anavomera msanga, chifukwa anali atawaona agogo. Ankagona chotembenukira kukhoma, osalankhula. Ndodo zija anakana ngakhale kuzikhudza. Amayi akati awaimiritse, ankati, "Ndisiyeni, ine kwanga kwatha."

Koma panali chinthu chimodzi chimene sichinathe mwa agogo: fodya wa mphuno. Ankamusunga m'kabotolo kamankhwala, ndipo popanda iye sankadya n'komwe. Amayi anadula nsungwi yaitali, naigoneka pa mitengo iwiri ya mphanda kuseri kwa nyumba, yofika m'chiuno. M'mawa tinawanyamulira agogo panja, tinawakhazika pa mpando kumayambiriro kwa nsungwiyo. Kenaka amayi anatenga kabotolo kaja n'kukamangirira ndi luzi pa mfundo yachiwiri ya nsungwi, pamene dzanja la munthu wokhala pansi silikanafika.

Agogo anayang'ana kabotolo, anayang'ana amayi.

"Aginesi, ndinakubereka ine, kapena tinakutola pamsika?"

"Munandibereka, bambo. Fodya wanu ali apoyo."

Anatukwana m'Chilomwe mawu amene sindingalembe pano. Dzuwa litafika pamutu, mphuno inawakulira mphamvu. Anagwira nsungwi ndi manja onse, mitsempha ya m'khosi itatuluka, nadzikoka mpaka anaima. Anakwatula kabotolo n'kugwera pampando akupuma ngati akwera phiri la Chiradzulu. Mawa lake amayi anasunthira kabotolo pa mfundo yachitatu.

Ntchito yanga inali kukhala nawo amayi akapita kumunda, kuwagwira lamba kumbuyo akaima, ndi kuwapukuta msana ndi madzi ofunda. "Iwe Estere," anandiuza amayi, "maso ako akhale pano, pakamwa potseka. Za nsungwiyi asamve munthu." Alendo akabwera kudzazonda ankawapeza agogo ali gone m'nyumba.

Amene ankabwera tsiku ndi tsiku anali amake Filipo, mkazi wa a Matiyasi. Anali mayi wa mawu ofewa. Ankabwera ndi phala lotendera, n'kukhala pambali pa mphasa, kuwamwetsa agogo ndi supuni ngati khanda. "Gonani, alamu, musadzivute. Mwagwira ntchito zaka zambiri." Ine ankandiluka tsitsi, ankanditcha mayi wawo wamng'ono. Amayi anga anali asanandisekerepo chibwerere kuchipatala, moti mtima wanga unapendekera kumene kunali kufunda.

Tsiku lina, zala zawo zili m'tsitsi langa, ananditulutsira zitumbuwa ziwiri m'kansalu.

"Nsungwi ija ndaona kuseriko njoyanikapo zovala?"

Ndinaseka. Ndinali wonyada, ndipo ndinalibe womuuza. Ndinafotokoza zonse: kabotolo, luzi, ndi kuti agogo afika pa mfundo yachisanu.

"Ha, zikomo Ambuye!" anatero amake Filipo, akuomba m'manja pang'onopang'ono.

Patapita masiku awiri agogo analeka kudzuka. Tikawakhazika pampando ankangowodzera padzuwa. Kabotolo kanalendewera pa mfundo yachisanu ndi chimodzi, kodzaza, osakhudzidwa. Ngakhale kutukwana analeka. Amayi anaganiza kuti mphamvu zikuwathera, ndipo ndinawapeza m'khitchini akupukuta maso ndi chitenje, n'kunamizira utsi.

Kenaka a Matiyasi anabwera, ulendo uno chipewa chili kumutu.

"Ndamva kuti mukumukoka munthu wothyoka pa nsungwi ngati mbuzi yopita kumsika. Nkhanza zimenezi m'mbumba mwanga ayi. Za nandolo zija iwalani. Ndatumiza kale mawu ku Namadzi. Loweruka la sabata la mawa abwera ndi machila."

Atachoka, amayi sanafunse kawiri. Anangondiyang'ana, ine ndinaulula.

"Anakupatsa chiyani?"

"Zitumbuwa."

"Zingati?"

"Ziwiri."

"Ndiye agogo ako wawagulitsa zitumbuwa ziwiri."

Sanandimenye. Ndikanakonda akanathyola kamtengo. Anatenga khasu n'kupita, ine ndinatsala pakhonde mawuwo akundiotcha m'makutu.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyang'ana. Amake Filipo akalowa m'nyumba ndinkakhala pakhomo ndi lichero la nyemba, mutu pansi ngati ndikusankha, koma maso m'kati. Tsiku loyamba sindinaone kanthu. Lachiwiri, mayiwo atangotuluka, ndinamva agogo akuyetsemula kawiri, kuyetsemula kokoma kuja kwa munthu wofwenkha fodya. Powapukuta msana ndinalowetsa dzanja pansi pa mtsamiro, ndipo ndinapeza kamtolo ka makoko a chimanga. M'kati munali fodya watsopano, wonunkhira. N'chifukwa chake nsungwi inalibenso ntchito. Fodya ankawapeza ali chigonere.

Madzulo a tsiku lomwelo, popita kukatunga madzi, ndinadzera njira ya kudimba. Ndinabisala m'nthochi. A Matiyasi ndi mwana wawo Filipo anali m'dimba la agogo, akuwoka mbande za matimati. Mpiru umene agogo anausiya kuti ubereke mbewu unali utazulidwa, utaunjikidwa m'mbali, maluwa ake achikasu akufota.

Sindinapite kwa amayi. Ndinalunjika kwa mwini dimba, kamtolo ka fodya kali m'manja.

"Agogo, a Matiyasi azula mpiru wanu wambewu. Adzalapo matimati awo. Ndaona ndi maso angawa."

Anayang'ana kudenga.

"Wa m'mbali mwa chitsime uja?"

"Womwewo."

"Mbewu imene ija ndinakaitenga ku Ndunde wapansi." Anatembenuza mutu, naona kamtolo kaja. "Ndipo uyu ankabwera naye ndi akazi awo." Anatambasula dzanja, natsinako kamodzi, kufwenkha bwinobwino mphuno zonse ziwiri, pakuti fodya alibe mlandu. Kenaka anandibwezera. "Kataye kuchimbudzi. Ukabwera undigwire m'khwapa."

Tinali ndi masiku asanu ndi atatu. Agogo sanadikirenso kabotolo. Ankayenda nsungwi yonse, kubwerera, kuyendanso. Tsiku lachitatu anaitanitsa ndodo zija. Anagwa kawiri, ulendo wina anang'ambika chigongono, wina anandigwera ine, phewa langa linatupa sabata yathunthu. Amayi ankawathowa mwendo ndi madzi otentha, iwo akukukuta mano, koma mawa lake ankayamba ndi iwo kufunsa kuti ndodo zili kuti.

Amake Filipo sanaleke kubwera. Ine ndinkakhala pa chulu ndi kuyang'ana njira. Ndikangoona duku lawo, ndinkathamanga, ndipo pofika iwo ankawapeza agogo ali gone, akubuula mwaluso. Phala ankamwa lonse. Fodya ankalandira ndi manja awiri, n'kundipatsa ine mlendo akachoka.

Loweruka kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ana atatu a mlongo wawo wa agogo anafika kuchokera ku Namadzi, atanyamula machila a ziguduli zosokerera pa mtengo wa bulugamu. Wamkulu wawo anali a Simoni, munthu wamtali wokonda kuseka, koma tsikulo nkhope inali yolemera. Anakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi anthu a m'mudzi. A Matiyasi anaimirira, nalankhula nthawi yaitali za chikondi chawo pa alamu awo, za mmene anayesetsera, ndi kuti munthu sakuthanso kutembenuka yekha.

Ali m'kati molankhula, kunamveka go, go, go, pakhomo.

Agogo anatuluka atavala jekete lawo la kutchalitchi, ndodo m'khwapa. Kuchoka pakhonde kufika pa mango sipanali patali, koma tsikulo panatalika ngati ku Limbe. Ine ndinkayenda pambuyo pawo manja ali chitambasulire. Pakati pa bwalo anaima, ndodo imodzi inaterereka m'dothi lonyowa, thupi linapendama. Ndinati ndiwagwire, amayi ananditsina pamkono mpaka ndinaona nyenyezi. Agogo anaponda mwendo wothyoka uja, unawasunga. Thukuta likutsika m'mphepo yonse ija, anapitiriza mpaka anafika pamaso pa alendo.

"Mwayenda bwanji, a Simoni? Ndaona machila. Kodi wadwala ndani?"

A Simoni anatsegula pakamwa, natseka, kenaka anaphulika ndi kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Amalume, ife tinamva kuti ndi inu! A Matiyasi, munthu wosatembenuka uja ndi ameneyu? Uyu tikati timunyamule atiswa mitu ndi ndodozi."

"Mulungu ndi wamkulu," anatero a Matiyasi, mawu akutuluka ngati ameza mwala.

Amayi ena anayamba nthungululu, anzawo n'kulandira. Amayi anga anakhala pansi pomwepo padothi lonyowa, nafunda chitenje kumaso, mapewa akugwedezeka.

"Koma machilawa asabwerere chabe," anatero agogo. "Kudimba n'kotsetsereka, mwendowu sunafikepo pamenepo. Ndinyamuleni ndikaone mbewu zanga."

"Ife mapewa atopa ndi mtengowu kuchokera ku Namadzi," anayankha a Simoni. "A Matiyasi, gwirani kutsogolo. Njira ya kudimbako mukuidziwa bwino ndinu."

Pamaso pa mudzi wonse sakanakana. Anasenza. Tinatsetsereka tonse, ana, amayi, agalu, agogo ali m'machila ngati bwana wa kale, akulangiza kuti apa pali dzenje, apa pondani bwino. Pofika anawatsitsa, anaima ndi ndodo zawo, nayang'ana mizere ya matimati obiriwira kuchokera kuchitsime mpaka kumalire.

"Zikomo, alamu, pondidzalira ndili m'matenda," anatero. "Akapsa ndidzakutumizirani a m'mbale."

Nkhani yowabweza kwawo sinamvekenso. Agogo anakhala nafe zaka zina zisanu ndi chimodzi, akutsimphina, ndodo imodzi m'manja. Njinga sanakwerenso, koma dimba analima mpaka chaka chawo chomaliza.

Lero ndine gogo, ndipo adzukulu anga amati ndine wovuta, ndimakayikira ngakhale moni. Sakunama. Chimene ndinazindikira nditakula n'chakuti amake Filipo sanathire kanthu m'phala, sananame bodza, sanakweze mawu tsiku ndi limodzi lomwe. Mwina chisoni chawo chinali chenicheni, ndani angadziwe? Koma chisoni chomwecho chikanawapititsa agogo ku Namadzi m'ziguduli. Amene anawapulumutsa ndi mwana amene iwo ankamutukwana m'mawa uliwonse.

Chaka chatha mawondo ananditupa, ndinagona masabata atatu. Anabwera ambiri, ena ndi nthochi, ena ndi mapemphero, onse akuti pumulani, amayi, ife tilipo. Ndinawathokoza, n'kumayang'ana kumene maso awo akupita. Mpongozi wanga yekha, amene sitimwerana madzi kwenikweni, anaika kapu ya tiyi pawindo, kutali ndi bedi, nati, "Azizira ameneyo." Ndinamunena mumtima mawu onse amene ndikuwadziwa. Kenaka ndinagwira khoma, ndinadzuka, ndipo tiyiyo ndinamwa akadali wotentha.