Ndinagwa pa chishalo, hatchi kunalibe

Anzanga, sabata ino ndikulankhula nditakhalira mbali imodzi, chifukwa chiuno chakumanzerechi sichikugwirizana ndi mpando. Tadala, mdzukulu wanga amene amandilembera zimenezi, akuti ndisanene chimene chinachitika, ati ndichititsa banja manyazi. Manyazi ake ati? Nkhani inafika kale kutchalitchi ine mwini ndisanafike. Bola muimve kwa mwini wake.

Loweruka lapitali ndinagwa pa chishalo cha hatchi. Hatchiyo kunalibe.

Ambiri mukumudziwa Takondwa, mkulu wake wa Tadalayu, uja anamaliza za unesi chaka chatha. Wapeza mnyamata wachizungu wa konkuno, dzina lake Kevini. Mwana wofatsa, wamtali ngati mlongoti. Ine ndimamutcha amunanga, Takondwa ndimamutcha mkazi mnzanga, monga timachitira agogo kwathu ku Ntcheu. Poyamba Keviniyo ankafiira makutu akamumasulira. Pano anazolowera, akamabwera amanditengera mankhwala opaka m'mawondo.

Vuto linali amalume ake a Takondwa, mwana wanga wamwamuna, a Jailosi, amene amakhala ku Lawrence. Iwowo ndiye nkhoswe. Ananeneratu kuti sangaimirire ukwati asanaone kumene mwana akupita, ndipo akakapeza kuti pakhomopo palibe ulemu, pa chinkhoswe tiitane wina. Takondwa nayenso mutu ngwouma, anatengera ine. Anati amalume akakana, iye ndi Kevini akangosainirana kuboma awiriwiri, ife tidzamva pa foni. Ndiye mwaona? Uku mwala, uku mwala, ine pakati ngati mtedza.

Kevini mayi ake anamwalira. Atsala bambo ake, a Roja, amakhala okha ku Beech Grove. Iwowo ndi amene anatiitana kuti tikaone pakhomo.

Tinanyamuka m'mawa kuno ku South Bend, ine ndi Takondwa ndi mayi ake. Msewu umenewo mukuudziwa, chimanga uku chimanga uku, wolima osamuona, kenako maloboti osatha a ku Kokomo aja. Tinadzera ku Lawrence kukatenga a Jailosi. Anatuluka atavala suti ya maliro ija, nkhope nayonso ya maliro. Anatenga makiyi kuti adalaive okha, ndipo njira yonse ankangong'ung'udza kuti chiyambire liti akuchikazi ndi amene amapita kukagogoda kuchimuna.

Tinafika. Nyumba yaing'ono, kapinga wometa bwino. A Roja anatuluka ndi Kevini, nkhalamba inzanga, yoyenda motsimphina, lamba la chitsulo chachikulu pamimba ngati chivindikiro cha poto. Anatigwira chanza pakhomo pomwepo, aliyense kumupukusa dzanja ngati akupopa mjigo. Ine ndinati palibe kanthu, uwu ndi wongoyambira, moni weniweni tikaupeza m'kati.

Inu mukudziwa. Kwathu mlendo salonjeredwa ali chiimire. Umamulandira katundu, umamupatsa pokhala, iwenso nkukhala, mtima utsike kaye. Ndiye moni nkuyamba, mmodzimmodzi, kufunsana za kumene wachoka, za ana, za matenda. Moni wachiimire ndi wa pamsika.

Tinalowa. Sofa ndinamuona ndi maso angawa, wabwinobwino, wa mapilo ake. Tinamudutsa. A Roja anatsegula kachitseko, nkutitsogolera pa masitepe kutsikira kuchipinda chapansi chija nyumba za kuno zimakhala nacho. Anayatsa magetsi.

Zishalo, anzanga. Chipinda chonse zishalo.

Amene munaonako mafilimu a makauboyi aja ankabwera pa galimoto kudzaonetsa pabwalo la sukulu, mukudziwa chimene munthu amakhalira pamsana pa hatchi. Ndi zimenezo, koma zakalekale. Chilichonse anachikhazika pa kabenchi kake kathabwa kopapatiza, kanyali kakuchiwalira pamwamba ngati chili paguwa. Chikopa chake chojambulidwa maluwa, masamba, mphepete monse timabatani tasiliva. Kutsogolo kuli kanyanga kogwira, m'mbali mukulendewera moponda mapazi. Fungo lake ngati mwalowa mwa wosoka nsapato. Kukongola kokha ndisaname, nzokongola. Amene anasema maluwa amenewo pa chikopa anali ndi manja.

Ndinafunsa Takondwa kuti nanga mahatchi ake ali kuti. Anati kulibe. A Roja anagwira ntchito ya mapaipi moyo wawo wonse, hatchi anaikwerako ali mwana kwa agogo awo basi. Zishalozi amangozisaka m'misika ya zinthu zakale, kuzipukuta, kuzipaka mafuta, nkumaziyang'ana.

Ndiye anayamba kutifotokozera. Ichi chinachokera kwakuti. Ichi anachisoka munthu wina wa dzanja limodzi lopuwala. Ichi muone pamene chingwe chokokera ng'ombe chinadya kanyangaka. Takondwa akumasulira, Chichewa chikamuthera nkumalizira Chingerezi chomwecho, ngati ine ndamva. Nkhalamba ija nkhope ikuwala ngati mwana akuonetsa anzake galimoto la mawaya. Ife chiimire.

Chachiwiri. Chachitatu. Chiimire.

Ndinayang'ana a Jailosi. Mtsempha uja wa pachipumi unali utadzuka. Anandiyandikira nkunena chapansipansi kuti, "Amayi, tabwera kudzaona pakhomo kapena tabwera ku myuziyamu? Ngakhale madzi akumwa?"

Kenako ndinamva makiyi akulira m'dzanja mwawo.

Mwanayo ndinabereka ndine. Makiyi akatuluka m'thumba, ndiye kuti nkhani yatha, chatsala nkutsanzika. Takondwa anawamvanso. Anasiya kumasulira, nkukweza chibwano muja amachitira akafuna kuyankha munthu wamkulu. Ndinaona ukwati ukuthera m'chipinda chapansi, pakati pa zikopa.

Ndinaganiza msanga. Chasowa apa nchiyani? Moni. Moni wasowa chifukwa chiyani? Palibe wakhala pansi. Ndiye wina akhale, enawo atsatira. Ndinamwaza maso, mpando ngakhale umodzi munalibe. Koma nanga chishalo si pokhala? Cha njinga ya malemu amuna anga tinkachikhalira mpaka chinatsala mawaya okha. Ndinati mwina azungu a mahatchi alendo awo amawakhazika pomwepa, ife tikungochedwa ndi manyazi.

Ndinasankha chachifupi, chakuda, chimene chinali pakona. Chikwama changa ndinachikoleka pa kanyanga kaja. Kutangadza miyendo ngati kauboyi sindikanatha, ndine mayi wa chitenje, wa Mvano. Ndinakhala cham'mbali, mwaulemu, ngati pa kaliyala.

Ndinamva Kevini akukoka mpweya. Kabenchi kaja kanaganiza pang'ono, kenako kanagona.

Khu! Ine uko, chishalo uko, chikwama uko, maswiti a chifuwa mbwee pakapeti. Ndipo china chake chinalira kuti thu, ngati chingwe cha nsapato chikaduka. Linali lamba la moponda phazi. Amati mlendo sathyola mphasa. Ine ndinathyola chishalo, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti pa zonse zija chakale kwambiri chinali chimenecho, chinasokedwa mayi anga asanabadwe.

Tsono apa mpamene pali nkhani yanga, Tadala ulembe bwino.

Nditagona pansi paja maso anali otsegula. Kumanja kwa a Roja kunali chishalo chawo, chagada, lamba lili padera. Kumanzere kunali ine, nkhalamba ya eni, imene aidziwa tsiku lomwelo. Onse aja anauma ngati zitsa. Woyamba kusuntha anali a Roja. Anadumpha chishalo chija, mwendo wotsimphinawo nkupondanso lamba lodukalo, nkudzagwada pamene panali ine. Dzanja lawo pansi pa mutu wanga, akufunsa Takondwa kuti andifunse ngati ndamenyetsa mutu, ngati ndikumva miyendo.

Ndisawapange mngelo. Diso limodzi linathawirako kuchishalo kamodzi, ndinaliona. Munthu ndi munthu. Koma manja onse awiri anali pa ine.

Anandidzutsa nkukhala tsonga. Pamene iwo amati aimirire, chiuno chawo chinakana. Anayesa, chinakana. Anangodzigwetsa nkukhala pakapeti pomwepo, miyendo tambalale, kuyang'anizana ndi ine, tonse tikupuma ngati takwera phiri.

Ndinati Mulungu wayankha. Ndinakonza chitenje, nkuomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, asewere?"

Takondwa anamasulira. A Roja anati aswera bwino, kaya ine. Ndinati ndaswera, kungoti hatchi yanuyi njaukali. Nkhalamba ija inaseka mpaka kutsokomola.

Nanga akuluakulu atakhala pansi, ana angaime? Mayi a Takondwa anakhala. Kevini anapinda miyendo yake yaitali ija. A Jailosi anayang'ana suti yawo, anayang'ana kapeti, nkukhala. Makiyi sindinawamvenso. Moni unayenda bwinobwino, mmodzimmodzi, mpaka tinafunsa za malemu mayi a Kevini, a Roja nkutiuza matenda amene anawatenga. Madzi anabwera, khofi anabwera, tinamwera pansi pomwepo zishalo zitatizungulira ngati mboni.

Ndinapepesa za lamba lija. Ndinati madzi akatayika saoleka, koma ngati kuli wosoka tidzathandizana. A Roja anati wosoka alipo, mnzawo wina, ngakhale sichidzakhalanso ngati kale. Anachiyang'ana, ndipo ndinaona kuti zawapweteka ndithu. Kenako anati chishalo chimenecho chinapangidwira kugwetsa anthu, chakhala zaka zambiri osagwira ntchito, lero chakumbuka.

Kevini ndiye anatiuza chimene sitinkadziwa. Ati bambo akewo alendo wamba amawasiya pa sofa m'mwamba muja. Aneba akhala nawo zaka, kuchipinda chapansi sanatsikeko. Amatsitsirako okhawo amene awawerengera kuti ndi a pabanja. Ndiye pamene ife tinkafufuma kuti atinyoza, mwini wake anali atatipatsa ulemu waukulu umene ali nawo. Iye kutitsegulira mtima, ife kufunafuna mpando!

Pobwerera mayi a Takondwa anayamba kuseka za azungu. Ati anthu awa, kusunga mipando ya hatchi hatchi alibe, mpando woti munthu sakhalira ndi mpando wanji?

Ndinati mwanawe, tatseka pakamwa. Nanga kabati yako ija ya pabalaza?

Tisanamizane, anzanga. Ndayenda m'nyumba zanu kuno ku South Bend mpaka ku Indianapolis. Nyumba iliyonse muli kabati yagalasi, m'kati makapu a mkombero wagolide, mbale zamaluwa, matambula oti chigulireni sanalawe madzi. Mukuti ndi za alendo. Alendo akabwera mumawapatsa mbale zamapepala zotaya zija. Nanga alendo ake ndi ati amene mukudikira? Ena sofa anamuveka pulasitiki, ukakhalapo nthawi yotentha umadzuka naye. Ine ndemwe ndili ndi zitenje m'sutikesi, zina ndinachoka nazo kumudzi, sindinazivalepo, ndimangozitulutsa, kuzinunkhiza, nkubwezera. Zimenezo si zishalo?

Kusunga chinthu chokongola si tchimo ayi. Munthu uli kutali ndi kwanu, kapena amene unkawakonda anapita, umafuna kanthu koti ukakayang'ana mtima ukhale pansi. A Roja akamapukuta zikopa zija amakhala ali kwa agogo awo. Ine ndikanunkhiza chitenje ndimakhala ndili pa msika wa ku Lizulu. Zimenezo ndazimvetsa.

Chimene chimandivuta ndi china. Chaka chatha pa phwando la ubatizo kunyumba ina, sinditchula, kamwana kanatsegula kabati nkugwetsa mbale. Mayi ake anathamanga kuchokera kukhitchini, nkuyamba kutola zidutswa, akukalipa kuti mbale imeneyi inachokera kutali. Mwana ali poteropo, magazi akutuluka kuphazi. Anamuona ndi mlendo. Mayi ameneyo si woipa, ndimapemphera naye. Kungoti manja anathamangira kumene mtima unazolowera.

Tsono tibwerere kwa a Jailosi. Titafika pakhomo pawo ku Lawrence anazimitsa galimoto, osatsika. Takondwa ali kumbuyo ndi ine, wandigwira dzanja mpaka kundipweteka.

A Jailosi anati, "Munthu uja anaponda chuma chake kuti adzutse mayi anga. Mwana woleredwa pakhomo pamenepo sangakusiye pansi, Takondwa. Uwauze asankhe tsiku."

Anatsika, nkubweranso pawindo kudzandiuza kuti pa chinkhoswepo ine adzandipezera mpando wa miyendo inayi, ndisadzasankhe ndekha.

Ndiye konzekani, chinkhoswe chiliko, ndipo chiuno chikapola ndidzavina. Koma musanagone lero, taimani patsogolo pa kabati yanuyo, muyang'ane chimene mumachikonda kuposa zonse. Tsiku limene chidzagwe pamodzi ndi munthu, inu mudzayamba kutola chiyani?