Ndinabisa ulendo mpaka ndinadzimana viza

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera kuti viza ija ndinadzimana ndekha. Mwana wanga mmodzi yekhayo anakwatiwa kunja ine ndili khale pampando kwathu ku Chilomoni. Ndalemba izi kuti wina asadzapusenso ngati ine, poti kupusa kwanga kunali kwa munthu wodziyesa wanzeru, ndipo kotereku sikuchedwa kukugwetsa chagada.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma kuwerenga sindinaleke. Mabuku ndimagula oyala pansi m'mphepete mwa msewu ku Limbe, ena opanda chikuto, ena othothoka masamba omalizira moti mathero a nkhani ndimachita kupeka ndekha. Ntchito yanga ndi yosoka mipando ya sofa pa shedi ina ku Chirimba, ndipo ndakhalapo zaka zoposa makumi awiri. Anzanga pantchito amanditcha Pulofesa. Ndimadziwa kuti amandiseka, komabe ndimavomera ndi mtima wonse.

Mayi akunyumba anatisiya mwana wathu Tadala ali Folomu 2. Ndinamulera ndekha, anaphunzira unamwino, kenaka anapeza ntchito kudziko lina la kutsidya kwa nyanja, limene sinditchula dzina. Kuyambira pamenepo m'nyumba munatsala ine, mabuku ndi wailesi. Tsiku lina anaimba foni kunena kuti wapeza banja ndipo ukwati udzachitikira komweko. Anati, "Adadi, wondigwira dzanja polowa m'tchalitchi ndinu, palibenso wina." Tikiti anati agula yekha, kalata yondiitana anatumiza, tsiku lokaonekera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe anandisungitsira pa intaneti. Changa chinali kusonkhanitsa mapepala: kalata ya kuntchito yonena kuti andipatsa tchuthi ndipo ndidzabwerera, umboni woti nyumba ndi yanga, komanso kalata ya kumpingo komwe ndimawerenga Mawu Lamulungu lililonse.

Apa m'pamene ndinalakwira. Kwathu ku Phalombe tinakula tikuuzidwa kuti mimba ndi ulendo salengeza. Malemu mayi anga ankati ukaulula ulendo, ansanje amakutsekera njira usanamange n'komwe chikwama. Ankapereka chitsanzo cha msuweni wathu amene anatsanzika mudzi wonse kuti akupita ku Joni, pasipoti n'kusowa m'mawa wa tsiku lonyamuka. Zoti msuweniyo anali chidakwa chotaya ngakhale nsapato zake, amayi sankazitchula. Ine amene ndimatsutsa anzanga akamakamba za ufiti, nkhani itafika pa ulendo wanga ndinathamangira kuchiphunzitso cha amayi osacheuka.

Tsono taganizani, kalata ya kuntchito ungaipemphe bwanji osaulula ulendo? Za nyumba zinkafunika ndikaonane ndi amene anandigulitsa puloti pamodzi ndi mboni zake. Ya kumpingo inkayenera kudzera kwa mlembi, ndipo akazi awo a mlembiyo akamva nkhani m'mawa, pofika masana yafika kale ku Chemusa. Ndinaganiza zochenjera. Ndinakhala pansi n'kulemba ndekha kalata ya masamba anayi m'Chingerezi chotola m'mabuku, mawu ataliatali, ena oti sindinamvepo munthu wamoyo akuwatchula. Ndinadziuza kuti mzungu akawerenga zimenezi adzaimirira n'kundigwira chanza. Tadala akafunsa za mapepala ndinkangoti zonse zili m'malo mwake.

Nyumba yoyandikana ndi yanga mumakhala mayi Mhango, a ku Rumphi, ogwira ntchito m'boma, amene anapitako kunja kawiri konse. M'mawa uliwonse tinkapatsana moni pampanda. Funso linkafika pakhosi, ine n'kulimeza, n'kuyamba kudandaula za kuzimazima kwa magetsi. Miyezi iwiri ndinakhala choncho, kuyenda ndi chimwemwe chachikulu chopanda womuuza.

Tsiku litayandikira ndinanama kuntchito kuti kwagwa maliro ku Phalombe. Suti ndinaiika m'jumbo kuti anthu asadabwe, ndipo pa depoti ndinakwera basi ya ku Lilongwe nditazolika ngati wakuba.

Ku ofesi ya kazembe anatisecha pageti, mafoni tinasiya pomwepo, n'kutikhazika pamipando yondondozana, tonse duu ngati kuchipatala. Aliyense anali ndi fayilo yonenepa. Yanga inali yowonda ngati mwini wake. Pofuna kudzilimbitsa mtima ndinayamba kuyendera mipandoyo ndi maso, n'kupeza kuti nsalu yake anaikoka mokhota. Ndinati mumtima, anthu osadziwa kusoka mpando sangandiopseze.

Panali mayi wina wachimalawi amene amayamba waona mapepala munthu asanapite pawindo. Atatsegula fayilo yanga anafunsa motsitsa mawu, "Bambo, ya kuntchito ili kuti? Nanga ya nyumba?" Ndinamulozera masamba anga anayi aja. Anandiyang'ana mwachisoni. "Izi mwalemba nokha, bambo anga. Kuno amafuna ena akunenereni. Bwanji mubwerere, musinthe tsiku, nthawi ikadalipo?" Ndinamuyankha kuti asade nkhawa, ndikafotokoza ndekha pakamwa. Mayi inu, ngati mukuwerenga, munanena zoona.

Kuseri kwa galasi kunali mzungu wa msinkhu wa Tadala, waulemu ndithu. Kalata yanga anaiona tsamba loyamba lokha n'kuiika pambali. Atayamba mafunso, ndinawonjeza kulakwa kwachiwiri. Mukudziwa kuti kwathu kuno munthu sadzitama pamaso pa mlendo, wa ng'ombe khumi amati ali ndi timbuzi. Atandifunsa za ntchito ndinati n'kantchito kamanja kongopezera mchere. Nyumba yanga ya zipinda zitatu, ya njerwa zootcha, yomanga ndi thukuta langa, ndinati n'kachisakasa kobisalamo mvula. Ndinkadikira kuti anditsutse monga achitira anthu, kuti ayi bambo, mwayesetsa. Iye ankangolemba pa kompyuta.

Anafunsa kuti ndimakhala ndi ndani. Ndinati ndekha. Anafunsa ngati abwana anga akudziwa za ulendowu. Ndinayankha monyadira kuti palibe ndi mmodzi yemwe akudziwa. Kenaka anakweza maso n'kufunsa kuti, nanga ngati mwana wanu mmodzi yekhayo ali kudziko lathu, ndani akukudikirani ku Malawi?

Inu owerenga, Chingerezi chonse chinandithawa. Ndinali nawo anzanga a pashedi, ndinali nawo mpingo, analipo manda a mkazi wanga amene ndimakalambula chaka ndi chaka. Koma nditatha miyezi iwiri ndikuzemba anthu onsewo, chimene chinabwera m'maganizo mwanga ndi chitseko changa chokhoma ndi loko, makatani otseka, popanda wodziwa ngati ndagona m'katimo kapena ayi. 

Anandibwezera pasipoti pamodzi ndi pepala limodzi lonena kuti sanakhutire zoti ndidzabwerera kwathu. Chingerezi chake chinali chapafupi, sichinafune dikishonale.

Nditatenga foni pageti ndinamuimbira Tadala. Nditamuuza, anangoti, "Adadi, si munati zonse zili m'malo mwake?" Anayesetsa kundipezera tsiku lina, koma loyandikira kwambiri linali masabata atatu ukwati utadutsa, ndipo ukwatiwo sukanatheka kuusuntha.

Kuntchito anandilandira ndi nkhope zakugwa. Aliyense anabwera kudzandigwira dzanja, pepani maliro aja Pulofesa. Anasonkha mapaketi awiri a shuga ndi sopo ngati chipepeso. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Tiyi wa shuga ameneyo sanandikomere ngakhale tsiku limodzi.

Loweruka la ukwati ndinasamba, ndinavala suti, foni ndinaitsamiritsa pa mulu wa mabuku patebulo. Mnzake wa Tadala ndiye ankajambula kuti ndizionera. Mwana wanga analowa m'tchalitchi atagwiridwa dzanja ndi amalume a mwamuna wake, bambo amene sindinawaonepo. Netiweki inkadukaduka, nkhope yake inkauma pafoni pakamwa pali pululu, kenaka n'kuyambanso kuyenda. Atamaliza malumbiro ndinaomba m'manja. Kaphokoso kake m'nyumba yopanda anthu kanandichititsa manyazi, ndinasiya. Ukwati wa mwana wa ku Chilomoni, popanda ndi nthungululu imodzi yomwe.

Chakumadzulo ndinatuluka kukaima pakhonde. Mayi Mhango ankaanula zovala, ndipo atandiona ndi suti anafunsa kuti kwagwanji. Ndinatopa nako kubisa, ndinawauza zonse. Anaika beseni pansi. "Abambo a Tadala! Mpanda womwewu? Mukanangotsokomola ine ndikanamva. Fayilo imeneyo tikanaikonza tsiku limodzi. Ngakhale lero lomweli, mukanatiuza tikanabwera ndi azimayi kudzaimba nanu m'nyumbamo." Lolemba ndinaululanso kwa abwana anga. Anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Pulofesa, kalata yomweyo? Ndikanalemba tiyi asanazizire. Nanga maliro aja anali a ndani?" Ndinawayankha kuti anali a nzeru zanga. Anaseka mpaka misozi, inenso ndinaseka nawo, koma yanga misozi inali ina.

Tsono inu amene mukukonzekera kukapempha viza, ndimvereni. Sindikuti mukalengeze pamsika, koma sankhani anthu awiri atatu, makamaka amene anayendapo, muwauze msanga ndipo muwafunse popanda manyazi. Mapepala amene akuuzani kuti mubweretse, bweretsani omwewo, luso lanu la kulemba lisiyeni kunyumba. Pawindo paja nenani zimene muli nazo monga zilili, osawonjezera komanso osachepetsa, chifukwa ulemu wathu wodzichepetsa uja iwo amaulemba ngati umboni. Ndipo wogwira ntchito pamalopo akakunong'onezani kuti bwererani mukakonze, bwererani.

Viza munthu utha kukapemphanso, inenso ndidzapemphanso. Tsiku ngati lija ndiye silibwera kawiri. Tadala akuti anandikhululukira, ndipo ananditumizira chithunzi cha ukwati chimene ndinachipachika pabalaza. Alendo akabwera amaloza bambo amene waima kudzanja lake lamanja n'kufunsa kuti amenewa ndani. Mpaka lero ndimayamba ndaganiza kaye ndisanakumbukire dzina lawo.