Malata a Pabwalo la Achemwali Balaraba

Achemwali anga a Balaraba anakwatiwa mumzinda wa Zaria akadali mtsikana. Monga akazi ambiri a kwathu, atalowa m'banja sankatuluka kunja kwa mpanda masana. Sankadandaula. Bwalo la mkati linali lawo. Ankapeta zipewa za amuna ndi kukazinga mtedza wogulitsa, dzuwa likuwawomba pamsana.

Kenako munthu wina anamanga nyumba yosanja pafupi, mawindo ake kuyang'ana m'bwalomo. Alamu anga a Sabo anagula malata n'kufolera bwalo lonse kuti mwamuna wina asaone mkazi wawo. Mumdima umenewo achemwali anaberekeramo ana anayi motsatizana, woyamba dzina lake Ladidi.

Nditamaliza sekondale ndinapita kukawathandiza. Ndinawapeza akuyenda ngati bakha. Podzuka pamphasa ankayamba agwira khoma, ndipo mwana akawatsamira m'chiuno ankaluma mlomo.

"Ulesi umenewo," ankatero apongozi awo. "Ine ndinabereka angati, unandionapo ndikukwawa?"

Kuchipatala namwino anati mafupa afewa ndipo minofu yafooka chifukwa chosowa vitamini D, amene thupi limapanga likawombedwa ndi dzuwa. Anapereka mapiritsi, nati azidya mazira ndi nsomba, aziwothera dzuwa m'mawa uliwonse, kupanda kutero adzasiyiratu kuyenda.

Ine pamaso pa amuna mawu amandithawa, koma tsiku limenelo ndinalimba mtima.

"Alamu, bwanji mutachotsako lata limodzi lokha?"

"Sukulu yakupatsa pakamwa eti? Ukufuna wa pamwambayo aziwerenga nthiti za mkazi wanga? Amwe mapiritsiwo, ndalipira ndine."

Anatero munthu amene amaswera padzuwa kumsika, akuseka ndi anzake.

M'mawa mwake achemwali anadzikhwekhwereza ndi matako mpaka kunja kwa chipata. Anakhala m'mbali mwa msewu, napinda manja a chovala, natambasula miyendo. Amuna odutsa ankayang'ana kumbali. Wina anakanena kumsika, alamu anafika ali wefuwefu.

"Iwe Balaraba, lowa. Ukundichititsa manyazi."

"Ndinyamuleni, bambo a Ladidi, ndekha sindingathe. Koma mawa mudzandipezanso pompano."

Anawapezadi, mawa lake ndi mkucha womwe. Apa m'pamene alamu anaitana kalipentala kudzachotsa malata awiri, kumbali ya chimbudzi kumene mawindo aja saona.

Kumeneko n'kumene achemwali amawothera dzuwa, akuingitsa ntchentche. Tsopano amayenda ndi ndodo, koma msana unapindika ndipo suwongokanso. Apongozi awo amauza alendo kuti ulesi uja wayamba kuchepako.